Usawaonetse, Sofiya

Sofiya anabadwa chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, anthu n'kumayenda wapansi kuchokera pa Kachulu mpaka kuchilumba cha Chisi, ndipo amayi a m'mudzi mwawo sanafunenso chifukwa china. Ankati mwana wobadwira pafumbi mtima wake umakhalanso wafumbi, ngakhale uthirepo madzi sipamera kanthu. Ankanena zimenezi pachitsime mayi wake Dailesi ali pomwepo, akumwetulira, ena mpaka kumuthandiza kusenza ndowa.

Tisamukometsere, mwanayo anali wovuta. Ukati bwera, ankapita. Ukati khala pansi, ankaimirira mpaka miyendo kunjenjemera. Munthu akamuyang'ana, ndiye kuti akumunena. Akaseka kutali uko, ndiye kuti akuseka iye. Akatambasula dzanja, kaya m'dzanjamo muli chidutswa cha nzimbe kaya mango, Sofiya ankangoona chibakera. Kusukulu aphunzitsi anathyolera zikwapu pamsana pake mpaka anatopa okha, n'kumuuza Dailesi kuti amusunge kunyumba ana a eni aphunzire mwamtendere.

Sofiya sankadziwa kuti padziko pali chinthu chotchedwa ngozi. Tsiku lina msuweni wake Agnesi anapunthwa akuchokera kuchitsime, madzi n'kumukhuthukira Sofiya. Agnesi anapepesa misozi ili m'maso, koma anapita kwawo mtsuko utasweka, mphuno ikuchucha magazi.

"Sunaone kuti mnzako anachita kupunthwa?" anafunsa Dailesi. "Sunamve akupepesa?"

"Amanamizira. Anachita dala."

"Wadziwa bwanji kuti anachita dala?"

"Mesa ndanyowa ine."

Dailesi anayesa zonse zimene mayi amayesa. Anapita naye kwa sing'anga wina kwa Mwambo, mwana anabwerako ndi mphini pachifuwa ndi mwano womwe uja. Akuluampingo anamusanjika manja, iye anawalavulira pansapato. Kumenya ndiye osanena. Anamumenya ndi mthiko, ndi tsache, ndi lamba wa mwamuna wake, mpaka wolira ankakhala womenyayo, womenyedwayo ali njo, maso ali gwa. Kumuyamika ndiye kunali kuputa mavu nkhomola. Dailesi anangoti tsiku lina, "Wasesa bwino, mwana wanga," Sofiya anatenga zinyalala zonse n'kuzimwazanso pabwalo, chifukwa kwa iye mawu okoma anali chipongwe basi.

Achemwali ake a Dailesi, a Elenala, amake Agnesi uja, amene nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda womwewo, anali ndi mankhwala amodzi okha. "Kamupereke kutauni akalere ana a eni. Kumeneko akamuwongola ndi waya." Dailesi ankangoyankha kuti m'mimba ndi m'chipala. Ankamukonda mwanayo, zimenezo n'zoona, koma ankatopa naye kufika pomuopa, ndipo masiku ena ankadzipeza akuyang'ana ana a anzake ndi diso lanjala.

Nzeru inabwera yokha. Sofiya anadwala malungo n'kukana phala mpaka maso kulowa. Dailesi atanyengerera n'kulephera, anatsitsa mbale ija pansi mwaukali. "Basi, usadye! Phala limeneli si lako, usalikhudze n'komwe!" Anatuluka kukalira kuseri kwa bafa. Pobwera anapeza mbale ili mbee, mwana akunyambita chala.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu m'nyumba ya Dailesi zinayamba kuyenda mozondoka. Akafuna madzi ankati, "Usayerekeze kupita kuchitsime lero," ndowa n'kudzaza. Mpunga ukayamba kucha ankati, "Mbalamezo uzisiye zidye, usakaziingitse," ndipo Sofiya ankaswera kumunda akumenya chitini chake, mpheta osatera ngakhale imodzi. Ngakhale pofuna kumupesa tsitsi Dailesi ankayamba wati, "Choka, sindikukufuna pafupi nane," mwana n'kubwera kudzakhala pakati pa miyendo yake. Koma kuletsa kwaulesi sikunkagwira ntchito. Pankafunika kukwinya nkhope, kumugwira mapewa, kumugwedeza pang'ono, mawu akunjenjemera ngati zenizeni. Dailesi anafika pokhala katswiri.

Nthawi zina mwanayo ankafunsa, "Ndisapite eti, amayi?"

"Usapite!"

Kamlomo ka Sofiya kankapindika pang'ono mbali imodzi, kenaka n'kuliyatsa liwiro. Dailesi ankati ndi mwano womwe uja, koma popeza madzi ankabwera, analibe nazo ntchito.

Amene sankakondwa nazo anali Lameki, bambo wa mwanayo. Lameki anali mkamwini pamudzipo, Mlomwe wofatsa wa manja ngati nkhafi, amene makolo ake anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki. Ankatha milungu ali m'madzi kukoka matemba, pobwera n'kupeza mkazi wake akuletsa mwana kusamba kuti asambe.

"Amake Sofiya, mwanayu mukumuphunzitsa kuyenda chafutambuyo. Nanga tsiku limene mudzafune kumuletsa zenizeni mudzatani?"

"Inu mumakhala ndi matemba, ndipo matemba sayankha. Woswera naye ndine. Mukapeza njira ina mundiuze."

Njira yake Lameki anali nayo, kungoti inali yochedwa. Akamasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango sankamuitana mwanayo. Ankangokhala, Sofiya n'kubwera yekha. Ndiye ankayamba kusinthasintha nkhope.

"Iyi ndi nkhope ya munthu wotani?"

"Akufuna kundimenya."

"Iyayi, ameneyu wangotopa. Nanga iyi?"

"Akufuna kundimenya."

"Ameneyu m'mimba mukumupota, Sofiya. Iyi?"

"Akundinena."

Pomaliza Lameki anamupatsa lamulo limodzi losavuta kusunga. "Uziyang'ana pakamwa. Ukaona mano, munthuyo akuseka nawe, sakumenya. Wamva?" Sofiya anayang'ana kumbali, poti kuvomera sikunali m'magazi mwake. Koma pasanapite nthawi anthu anayamba kudandaula kuti mwana wa Dailesi wayamba kusuzumira akuluakulu m'kamwa ngati akufuna kugula mbuzi.

Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi, ndipo chinkamva ngakhale zimene munthu wanong'oneza mkazi wake. Tcheyamani wa chipani padoko la mudziwo anali bambo Piyasoni, munthu amene asanalandire udindo ankapempha matemba a ndiwo kwa Lameki yemweyo. Tsopano ankayenda ndi ndodo, jekete osavula ngakhale kutenthe bwanji, ndipo pachifuwa pake panali baji ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko, imene ankaipukuta ndi mpango kuposa mmene ankapukutira nkhope yake.

Tsiku lina kunali msonkhano padoko. Asodzi analetsedwa kulowa m'madzi, amayi anavala nsalu za chipani, ana anaikidwa pamzere kuti aimbe. Sofiya anaima kumapeto, osaimba, tsitsi lili ndi mankhusu a mpunga. Piyasoni podutsa anawaona mankhusuwo. Kunena chilungamo, tsiku limenelo sanafune choipa. Anangotambasula dzanja kuti amuchotse. Koma pakamwa pake panali potseka. Sofiya anayang'ana, mano sanawaone, anaona dzanja likubwera kumutu. Analuma mpaka kufika pafupa.

Piyasoni anakuwa, kenaka ndodo inayamba ntchito. Kumsana, kumutu, m'miyendo, mwana ali pansi iye osaleka, khamu lonse lili chete, Dailesi atagwidwa ndi amayi anzake kuti asapiteko. Lameki anachokera kumene kunali mabwato. Sanatukwane, sanamenye. Anangomunyamula tcheyamani ngati thumba la mpunga n'kumuponya m'matope. Baji ija inathothoka, ndipo Lameki pobwerera m'mbuyo kuti anyamule mwana wake anaiponda osadziwa.

Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Pofika masana nkhani inali itasintha kale: munalibenso mwana, munalibe ndodo, munalibe kuluma. Munangotsala Lameki, Mlomwe wa kunja, amene anaponda dala nkhope ya mtsogoleri anthu akuona. Aliyense ankadziwa kumene nkhani yotere imathera. Munthu akatengedwa pamlandu wotero, mkazi wake sankauzidwa ngakhale koti akapereke bulangete.

Kunyumba Lameki anamugoneka mwana pamphasa chafufumimba, chifukwa msana unali mabala okhaokha. Dailesi ankamanga kabulangete ka mwamuna wake, ndipo mantha anamutulutsa mawu oipa.

"Mukanamusiya amumenye. Mesa amamenyedwa tsiku lililonse, anafapo?"

"Amenewo si mawu a mayi, amake Sofiya."

Mwana anayankhulira pamphasa pomwepo, nkhope ili pansi. "Ababa, sanaonetse mano."

"Eya, mwana wanga," anatero Lameki. "Sanaonetse."

Usiku umenewo Lameki sanagone pakhomo. Kuseri kwa minda ya mpunga, mkati mwa mabango, munali chimbowera chakale, kanyumba kaudzu koyandama kamene asodzi amagonamo akakhalitsa kunyanja. Eni ake anakasiya kalekale. Lameki analowa mmenemo, ndipo msodzi mnzake anatenga uthenga kupita nawo kutsidya kuti abale ake abwere ndi bwato adzamutenge. Kwa Dailesi dziko lonse linachepa n'kutsala chinthu chimodzi: mwamuna wake asapezeke mpaka bwatolo lifike.

Anyamata a chipani a malaya ofiira anabwera m'mawa mwake. Anaswa miphika, anabaya nkhokwe ndi mitengo yosongola, anamumenya Dailesi makofi ana a m'mudzi akuonerera. Atalephera kumupeza Lameki anasiya anzawo pansi pa mango uja, oti azimutsatira Dailesi kuchitsime, kutchalitchi, ngakhale kuthengo. Koma Sofiya panalibe womutsatira. Ndani angatsatire mwana woluma? Ankayendayenda m'minda kuyambira kale, ndipo agalu omwe ankamupatukira.

Ndiye Dailesi ankamanga mpunga ndi mlamba wowamba m'kansanza, kuika m'chitini choingitsira mbalame chija, n'kumugwira mwana mapewa. "Ichi usapite nacho kwa bambo ako. Wamva? Usalowe m'mabango muja." Sofiya ankapita tsiku lililonse, mabala asanapole, ndipo ankabwera matope ali m'mawondo, misundu ili m'miyendo, osadandaula. Masiku amenewo Dailesi anayamba kunyada mumtima. Nzeru imene mwamuna wake ankainyoza ndi imene inkamudyetsa tsopano, ndipo anakonza kale mmene adzamusekere akadzakumana kutsidya.

Mudzi unamuthawa. Kutchalitchi benchi imene iye wakhalapo inkakhala ndi malo ambiri. Amayi aja omuthandiza kusenza ndowa anayamba kuona zinthu zosangalatsa m'mitambo iye akamadutsa. A Elenala okha ndi amene ankabwera, koma ankabwera ndi nyimbo imodzi.

"Iwe Dailesi, Mlomwe wakoyu atiphetsa tonse. Mkamwini ndi mlendo, amapita, mbumba imatsala. Achipani akudziwa kuti uli ndi kanthu m'kamwa."

"Pirirani pang'ono, achemwali. Abale ake akubwera kudzamutenga, zitha."

Anauza munthu mmodzi yekhayo, wa bere limodzi. A Elenala anangoti, "Ooh," n'kukonza duku lawo.

Sofiya nayenso anabwera ndi mawu ochokera m'mabango. "Ababa akuti kubwera anthu odzawatenga. Akuti ndi achilendo, sindinawaonepo, koma ndi abale athu." Anayankhula akuyang'ana kumbali ngati wina wamukakamiza. Dailesi anafuna kumukumbatira, koma anadziwa kuti akatero mbale ina isweka, ndiye anangoti, "Choka apa, ukununkha matope," mwana n'kukhala pafupi.

Alendo anafikadi, dzuwa litakwera, Dailesi akupeta mpunga pabwalo. Anali amuna awiri. Tsiku limenelo pansi pa mango panalibe wa malaya ofiira ndi mmodzi yemwe. Wamkulu mwa alendowo, wonenepa, wa mpata pamano, anapereka moni wa Chilomwe akuseka ngati wafika kwawo.

"Ife ndife abale a Lameki, mlamu. Tachokera kutsidya. Bwato talisiya pafupi pomwepa."

Dailesi anayang'ana pansi mwaulemu, ndipo pansipo ndi pamene anaona nsapato. Zakuda, zopolishidwa, zopanda ndi dontho lomwe la matope. Munthu wochokera kutsidya kwa Chilwa amafika matope ali m'mawondo, ndipo amatulukira kumadzi, osati kumsewu. Anamva chitseko cha a Elenala chikutsekeka pang'onopang'ono. Mtondo umene unkalira kuseri unasiya. Mudzi wonse unali utazindikira, kupatula munthu mmodzi.

"Pepani, bambo. Amuna anga anathawa tsiku lomwe lija. Kumene ali sindikudziwa."

"Aa, mlamu, musaope. Ifetu ndife anu." Kenaka anatembenukira kwa Sofiya, amene anaima pakhonde ndi chitini chake, n'kutulutsa banzi m'thumba la jekete. "Uyu ndiye Sofiya? Landira, mwanawe. Ine ndine bambo ako aakulu."

Dzanja linatambasuka. Dailesi anadikira kuti mwana alume, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapemphera kuti alume. Sofiya anayang'ana pakamwa pa mlendoyo nthawi yaitali. Mano onse anali pamtunda. Analandira banzi lija ndi manja awiri, ngati mwana woleredwa bwino.

Dailesi anaika lichero pansi. "Ndikakutungireni madzi akumwa," anatero, n'kumukoka mwana padzanja kupita naye kuseri kwa nyumba. Mantha ndi chitsiru. Amasesa m'mutu zonse zimene munthu waphunzira n'kusiya mawu obadwa nawo okha. Dailesi, katswiri uja, anagwada, anamugwira Sofiya mapewa, anamugwedeza, nkhope itakwinyika, mawu akunjenjemera.

"Sofiya, usawaonetse kumene kuli bambo ako. Wamva? Usawaonetse!"

Mwana anamuyang'ana pakamwa. "Ndisawaonetse eti, amayi?"

"Usawaonetse! Ukawaonetsa ndikupha!"

Kamlomo kaja kanapindika mbali imodzi. Dailesi anakaona, ndipo pamene ankazindikira chimene wachita, m'manja mwake munali mutatsala mphepo. Sofiya anali kale pabwalo.

"Tiyeni! Ali m'mabango, ndikuonetseni!"

Dailesi anathamanga akukuwa. "Sofiya, bwerera!" Mwana anawonjezera liwiro. Mayiyo anatsegula pakamwa kuti akonze, kuti anene "pita", mawu okhawo amene akanamuimitsa, koma mlendo wachiwiri, amene chifikireni anali asanayankhule, anamutseka pakamwa ndi chikhatho mpaka mlomo kung'ambikira pamano. Anamugwetsera pampunga wake womwe, bondo lili pamsana.

Mawu amayenda patali pamwamba pa minda ya mpunga. Dailesi ali pansi pomwepo anamva mwana wake akuitana ndi mawu okondwa amene anali asanawamvepo. "Ababa! Ababaa! Abale aja abwera!" Anadziwa kuti Lameki atuluka yekha, kabulangete kake kali m'khwapa.

Mlendo wonenepa uja anabwera nayedi Lameki. Sanamumange, panalibe chifukwa. Dzanja la mlendo wonenepa linali paphewa la mwana, ndipo Lameki analiona. Anali ataonda, ndevu zitamera, nkhope itatupa ndi udzudzu. Ndipo ankaseka. Kuchokera kumabango mpaka pabwalo mano ake anali pamtunda, chifukwa Sofiya ankamuyang'ana pakamwa pafupipafupi. Amene anamupanikiza Dailesi anamusiya kuti adzuke, ndipo iye anabisa mlomo wake ndi nsonga ya chitenje.

Lameki anamuyang'ana mkazi wake kamodzi kokha. Dailesi akanakonda akanamutukwana. Kenaka anawerama, ndipo munthu amene sananamizepo mwana wake chibadwire anamugwira mapewa n'kukwinya nkhope monga ankaonera mkazi wake akuchitira.

"Iwe Sofiya, usapite kumunda lero. Mbalame uzisiye zidye. Ukhale pompano."

Sofiya anadabwa pang'ono. Kenaka kamlomo kanapindika, anatola chitini chake n'kuthamangira kumpunga.

Alendo aja anadikira mpaka chitini chinayamba kulira kutali. Pamenepo mano onse anabisika. Anyamata a malaya ofiira anatulukira kuseri kwa tchalitchi kumene anabisa galimoto, Piyasoni ali patsogolo, dzanja lili m'bandeji. Zimene anamuchita Lameki pabwalo paja sizofunika kuzifotokoza zonse. Anamumanga ndi chingwe cha ukonde wake womwe. Anayambira phazi limene linaponda baji. Anthu a m'mudzi anauzidwa kuti atuluke aone, ndipo anatuluka. Anauzidwa kuti aimbe, ndipo anaimba, a Elenala mawu awo ali pamwamba. Lameki sanakuwe ngakhale kamodzi, ndipo Dailesi yekha ndi amene anadziwa chifukwa chake: kumunda sikunali kutali. Anamuponya m'galimoto ngati mtolo wa nkhuni, miyendo ikulendewera.

Dzuwa litapendeka Dailesi anali chikhalire pakhonde, mlomo utatupa, mpunga uli mbwee pabwalo nkhuku zikudya. Sanalire. Mumtima mwake munali chinthu china cholemera kuposa chisoni, ndipo anachidziwa kuti ndi chidani.

Sofiya anafika akuyenda monyada. M'dzanja munali banzi lija, lolumidwa pang'ono pokha. Anaima patsogolo pa mayi wake akukanda mwendo ndi chala cha phazi linalo.

"Ndamva mukuimba. Apita bwino ababa?"

Dailesi anangoyang'ana nkhuku zija.

"Lero ndamvera, eti amayi?"

"Wati chiyani?"

"Ndamvera. Mesa munati ndisawaonetse." Anayang'ana kumbali, manyazi atamugwira. "Inetu ndimadziwa, amayi. Ndinadziwa kalekale, paphala paja. Inu mukati usachite ndiye kuti mukufuna ndichite. Anthu ena sadziwa. Timadziwa ndife awiri."

Zaka zonsezi Dailesi ankayesa kuti akupusitsa mwana wamwano. Kani mwanayo ankamumvera, tsiku ndi tsiku, m'njira yokhayo imene khosi lake linkalola. Mayi wina akanasweka mtima pamenepo. Dailesi m'maso mwake munali phazi la Lameki basi.

"Choka," anatero, ndipo ulendo uno zinachokera pansi pa mtima. "Choka pamaso panga. Sindikukufuna. Ndikanakusiya ufe ndi malungo aja. Bambo ako sadzabweranso, wamva? Sadzabweranso mpaka kalekale."

Nkhope ya Sofiya inawala. Anakwera pakhonde, anakhala pansi, n'kutsamiritsa mutu pamwendo pa mayi wake. Tsitsi linali ndi mankhusu.

"Ndiye banzili ndiwasungira," anatero. "Ndangolawa pang'ono."

Dailesi anayang'ana mutu uja. Matemberero ake onse mwana anawalandira ngati mphatso. Amene wapereka bambo wake m'manja mwa akupha anagona pamwendo pake mwamtendere, wokhuta chikondi, pamene Lameki anali pansi pa nsapato zopolishidwa zija panjira ya ku Zomba. Zimenezo Dailesi sanathe kuzipirira. Ankafuna kuti mwanayo amve kuwawa ngati iye, ndipo popeza anali katswiri, njira yake anaidziwa.

Anaika dzanja pamutu pa mwana n'kuyamba kuchotsa mankhusu limodzilimodzi. Mawu ake anatuluka ofewa, okoma, oti wodutsa aliyense akanasirira.

"Wachita bwino, mwana wanga. Ndakondwa nawe kwambiri. Anthu aja ndi abale athu enieni. Bambo ako ali bwinobwino, abwera mawa."

Kuseri kwa mpanda a Elenala anamva. Anapukusa mutu n'kuuza Agnesi kuti mtima wa mayi ndi wina, taona akumutonthoza.

Thupi la Sofiya linauma. Anadzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mayi wake pakamwa, anaona mlomo wong'ambika, mano sanawaone. Anayang'ana pabwalo, pamene dothi linali lofukukafukuka, lakuda apa ndi apo, ndi kachidutswa ka chingwe cha ukonde kali pambali.

"Abwera eti, amayi?" Mawu ake anali aang'ono, a kamwana koyamba kumene kuyankhula.

Apa panali pobwerera, ndipo Dailesi anapaona.

"Abwera," anatero.

Banzi linagwa, nkhuku zinalithamangira. Sofiya sanalire, sanalume, sanaswe kanthu. Anatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda, kudutsa pansi pa mango, kudutsa tchalitchi, kutsata mmene munadutsa matayala kulowera kumsewu, wopanda nsapato, chitini chake chili m'manja.

Atayamba kuchepa m'fumbi ndi pamene chidani chija chinasungunuka mumtima mwa Dailesi n'kutsala mantha okhaokha. Anadumpha pakhonde, anathamanga mpaka pamango, anakoka mpweya kuti aitane. "Bwera" anali palilime. "Pita" analinso pomwepo. Anaima kukamwa kuli yasa, osadziwa kuti mwa mawu awiriwo ndi ati amene mwana wake angamve tsopano, ndipo Sofiya sanacheuke.